Ufa Woyera pa Injini ya Sunganani

Chamama,
Kasungu.
9 Juni.

Mwana wanga Feliya,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Mulanje. Wadzuka bwanji iwe, nanga mkamwini wanga a Vincent? Kamdzukulu kanga Favour mano atuluka angati tsopano? Amayi ako anandiuza kuti kanadwala chifuwa mwezi watha, ndikhulupirira kuti pano kachira. Muzikafunditsa bwino, kwanuko kuzizira kwake sikwamasewera.

Ife kuno Mulungu akutisunga. Chimanga takolola, sichambiri koma tidya. Mtedza wokha ndiwo watichititsa manyazi, mvula inadula msanga. Fodya wachita bwino kuposa chaka chatha, mabelo athu awiri apita kale, belo lachitatu tidinda sabata yamawa. Amayi ako msana ukuwavuta chifukwa chokhala pansi tsiku lonse m'chigafa, koma ukawauza kuti apume amakuyankha kuti fodya sadzisankha yekha.

Waona kale kuti dzanja ili si langa. Akulemba ndi amayi ako, ine ndikungolankhula, ndakhala pa tayala lija la pansi pa mtengo wa mango. Tapangana kuti alemba chilichonse chimene ndinene, osachotsa, osawonjezera. Ukapeza mawu ena ondinyoza m'kalata muno, udziwe kuti pangano aliphwanya ndi iwo.

Mwina ukudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa kawiri konse. Ndikaigwira ndimaiikanso pansi, poti ndikudziwa kuti ndikangomva mawu ako ndiyambanso kudzitchinjiriza. Pakamwa panga pamathamanga kuposa nzeru zanga, iwenso ukudziwa. Ndiye ndasankha pepala, kuti zimene ndanena zikhale zanenedwa.

Nkhani ndi ya maso anga, omwe aja tinakanganirana pa Khirisimasi. Unanena zoona, Feliya. Sindikuona. Diso lamanzere linayamba zaka ziwiri zapitazo, kumachita ngati muli utsi, lamanja latsatira chaka chatha. Munthu ndimamuona ngati chithunzithunzi chabe, ndimamuzindikira ndi mawu kapena kayendedwe kake.

Tsiku lija unandiona ndikuthira tiyi pambali pa kapu, n'kundiuza mwaulemu kuti tipite kuchipatala akaone ngati ili ng'ala. Ine ndinakukalipira pamaso pa mwamuna wako. Ndinati sunandibale ndiwe, ndipo uphunzitsi wakowo uzikachitira ana a sukulu. Unanyamuka m'mawa mwake, chikhalirecho unabwera kudzakhala sabata yonse. Kuyambira pamenepo foni umaimbira amayi ako okha, ndipo sindikukuimba mlandu.

Ndikuuze chimene chinandipsetsa mtima. Sunali mwano, iwe unalibe mwano. Anali mantha anga. Makaniko wosaona angamubweretsere galimoto ndani? Zaka pafupifupi makumi anayi ndakhala pansi pa mtengo uno, ndakuphunzitsani nonse ndi masipanala omwewa. Ndinkaganiza kuti ndikangovomera, anthu amva, dzina langa la Lucious lathera pomwepo, ndizingokhala pakhonde kuingitsa nkhuku.

Ndiye ndinabisa, ndipo ndinkadziona ngati katswiri pobisa. Sipanala iliyonse ndimaidziwa ndi dzanja, ya teni ndi ya thwelofu sindingazisokoneze ngakhale utandidzutsa kutulo. Injini ndimaimva ndi khutu. Nambala za pa zipangizo ndinkapatsa mwini galimoto kuti awerenge, n'kumanamizira kuti magalasi ndaiwala m'nyumba, magalasi oti sindinagulepo chibadwire. Njinga ndinasiya kukwera, ndinati bondo likupweteka. Kutchalitchi ndinasiya kuwerenga mawu, ndinati ndikupereka mpata kwa achinyamata, abusa mpaka anandiyamikira pa guwa.

Zikanapitirira choncho pakanapanda pikapu ya Sunganani. Ukumukumbukira Sunganani, mwana wa malemu a Grey a ku Kaomba, uja munaphunzira limodzi ku pulaimale? Pano ndi bambo wa ana atatu, ali ndi pikapu yoyera yakalekale. Nyengo ya msika ndi iyeyo amene amanyamula mabelo a alimi ang'onoang'ono kuno kupita nawo ku okushoni ku Chinkhoma. Munda alibe, banja lake lonse limadya pa pikapu imeneyo.

Mwezi wa Malichi, msika usanatsegulidwe, anabwera nayo kuti ndimusinthire taimingi beluti. Ndikufotokozere, poti iwe zamagalimoto unkazithawa, unkati zimadetsa yunifolomu. Ameneyu ndi lamba wa mphira wokhala ndi mano, amakhala kutsogolo kwa injini, wobisika m'chivundikiro. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa gudumu lam'mwamba ndi lam'munsi kuti aziyendera limodzi. Akalumpha dzino limodzi injini imayamba kutsokomola, mano akaguluka galimoto imaima pomwepo. Mdani wake wamkulu ndi oyilo. Oyilo akangomunyowetsa, lamba amafewa n'kuyamba kuola.

N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito, asanamange lamba watsopano, amayamba wayang'ana kuseri kwa magudumu aja. Kumeneko kuli timphira tozungulira ngati zibangiri, timati masilu, ndi timene timatsekereza oyilo kuti asatuluke. Ngati tikudontha umasinthiratu, poti watsegula kale. Zimenezi ndaphunzitsa anthu osawerengeka ndi pakamwa panga pomwe pano.

Tsiku limenelo Sunganani anandiuza yekha kuti m'mawa uliwonse akumapeza madontho a oyilo pansi pa galimoto. Ndinasuzumira, ndinaona mdima wokhawokha. Ndinapisa dzanja, koma manja a makaniko amakhala ndi oyilo nthawi zonse, sungasiyanitse watsopano ndi wakale. Choyenera chinali kumuuza kuti mwana wanga, tandiyang'anire apa. Mawu anayi okha basi.

M'malo mwake ndinaseka, n'kumuuza kuti galimoto yokalamba ili ngati ife nkhalamba, siilephera kudontheza pang'ono. Iyenso anaseka. Ndinalimbitsa bawuti ya pansi pa injini kuti ndioneke ngati ndachitapo kanthu. Timizere toonera taimingi ndinatipeza ndi chikhadabo, ndinamanga lamba, n'kutseka. Injini inalira bwinobwino, ine n'kumadzitama mumtima kuti maso n'chiyani.

Paja amati tsoka silinunkha. Patatha masabata asanu ndi awiri, Lachiwiri lina chakumasana, ndinamva phokoso la anthu ndi zikwapu pamsewu. Amayi ako anatuluka m'chigafa nati bambo a Feliya, kukubwera zachilendo uku. Inali pikapu ya Sunganani, ikukokedwa ndi ng'ombe zinayi zapangolo, mabelo khumi ali pamwamba, anthu a pamsika akutsatira pambuyo ngati ukwati. Inali itazima itangowoloka mlatho, makilomita atatu kuchokera pano.

Mabelowo sanali ake. Anali a anthu a kalabu ina ya alimi, ena mwa iwo amayi amasiye amene analima okha, kuthyola okha, kusoka okha. Tsiku lawo lolowetsa fodya linali lomwelo. Iwe unakulira m'fodya, ukudziwa kuti tsiku lako likakudutsa umadikira mzere wina, mtima uli m'mwamba, kunyumba ana akukuyang'ana.

Sunganani ndi mwana waulemu, koma tsiku limenelo ulemu anausiya pamlatho. Anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndinamanga lamba kapena luzi. Amvekere madala, ndinakukhulupirirani ngati bambo anga, lero ndikawauza chiyani eni ake a fodyayu? 

Ndinatsegula chivundikiro. Ndisanakhudze n'komwe, mphuno inandiuza kale. Lamba yense anali atanyowa ndi oyilo, wofewa ngati chikopa chonyika m'madzi, mano ena anatsalira m'manja mwanga. Ndinadziwa pomwepo chimene chachitika, ndinadziwanso amene wachititsa.

Apa ndikufuna amayi ako alembe bwinobwino, asafulumire. Ndinanama, Feliya. Ndinakweza lamba uja m'mwamba, n'kuuza anthu onse kuti ndi wachinyengo, Sunganani anamupusitsa kusitolo. Ine mkulu wa mpingo, ndi imvi zangazi. Anthu anavomereza, ena n'kumati eetu, masiku ano katundu ndi wabodza yekhayekha. Sunganani anatenga lamba uja n'kulumbira kuti mawa alawirira ku boma, ndipo wogulitsa uja akamudziwa bwino. Mabelo anawatsitsira pakhonde pathu, anthu n'kubalalika.

Chimodzi chokha chinandikomera tsiku limenelo. Nditapukusa injini ndi dzanja, ndinamva kuti m'kati simunapindike kanthu. Injini za mtundu wakalewu zimakhululuka, zatsopanozi bwenzi tikukamba maliro.

Anthu atapita, amayi ako anandibweretsera thobwa pansi pa mtengo. Anandigwira dzanja n'kundiikira chikho m'manja momwemo, monga akhala akuchitira masiku onsewa ine osazindikira. Kenako anakhala pa tayala linalo, n'kundifunsa modekha kuti kodi munthu wa kusitolo uja wandilakwira chiyani.

Ndinayamba kukweza mawu monga mwa chizolowezi. Amvekere tsitsani mawu, bambo a Feliya, lero mumvera ine. Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti mabawuti amene ndimagwetsa m'dothi amamera miyendo n'kubwerera okha m'chitini. Anandifunsa kuti chitsa chija cha panjira ya kubafa anazula ndani, chingwe choyanikira zovala anasuntha ndani, nanga amene amatchula mayina a anthu mokweza tikamatuluka m'tchalitchi amatchulira ndani.

Akuti chaka chonse akhala akundisesera njira, kudikira kuti ndidzanena ndekha. Akuti kubisa anandithandiza, chifukwa manyazi a mwamuna wawo ndi awo omwe. Koma kunamizira munthu wosalakwa sandithandiza, ndipo ngati sindimuuza Sunganani ndi pakamwa panga, akamuuza ndi iwo asanakwere basi.

Ndinalira, mwana wanga. Amayi ako akuti zimenezi tisalembe, koma pangano ndi pangano. Ndinalira thobwa lili m'manja. Ndinalira chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa katundu amene ndinkati ndasenza ndekha tinali titasenza awiri, ine osathokoza ndi tsiku limodzi lomwe.

M'mawa mwake Sunganani anadutsa pano kudzatenga katoni ya lamba uja kuti ikakhale umboni. Ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti lamba analibe vuto, wogulitsa alibe mlandu, vuto ndi maso anga. Ndinamuuza kuti nkhope yakeyo sindikuiona, ndikungomva mawu. Ndinkangomva akukanda pansi ndi nsapato. Kenako anati madala, mukanandiuza bwenzi nditakuyang'anirani, nanga maso angawa ndimawasungira ndani?

Ndinkayembekeza kuti aitananso ng'ombe zija, akoke galimoto kupita nayo kwa makaniko wina. Ndinamuuza kuti akatero sindidandaula. Iye anakana. Akuti amene anaononga ndi amene akonze, manja anga akuwadziwa, kungoti ulendo uno pakhale munthu woona.

Ntchito yoyamba inali kupeza pamene oyilo akutulukira. Malo ake ndi atatu: pa chivundikiro cha pamwamba pa injini, pa silu ya gudumu lam'mwamba, kapena pa silu ya lam'munsi. Ku boma n'kutali, sungapite kukagula zongoganizira. Pali njira imene anandiphunzitsa bwana wanga woyamba, ndikugwira ntchito ku esiteti ndili mnyamata. Umatsuka kutsogolo kwa injini ndi parafini mpaka mbee, umasiya iume padzuwa, kenako umawaza ufa woyera paliponse n'kuliza injini. Pamene ufa wayamba kuda, ndi pomwepo pakutuluka oyilo. Njira yake ndi yosavuta, imangofuna chinthu chimodzi chimene ine ndilibe.

Kuti injini ilire pankafunika lamba. Mwamwayi wakale uja ndinachotsa mu Malichi anali chipachikire pa msomali. Amayi ako amadandaula kuti sinditaya kanthu, bwalo ndalisandutsa dzala, koma tsiku limeneli dzalalo ndi limene linatipulumutsa.

Sunganani anayenera kukhala m'galimoto, dzanja pa kiyi, kuti azimitse msanga ndikakweza mkono. Ndiye woyang'ana anatsala mmodzi. Amayi ako poyamba anakana, akuti iwo injini amaiona ngati matumbo a ng'ombe, sadziwa poyambira. Ndinawauza kuti munthu amene amasiyanitsa masamba a fodya magulu asanu ndi awiri, pamene ife tonse timangoona fodya, sangalephere kuona ufa ukusintha mtundu.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sefa ndi ufa theka la mbale, akung'ung'udza kuti ufa wonyika ndi manja awo lero udyedwa ndi galimoto. Ndinawauza kuti amange duku bwinobwino, chitenje achikwinye, chifukwa lamba akamazungulira sadziwa kuti awa ndi akazi a makaniko.

Tisanalize panali kuika taimingi. Pa gudumu lililonse pali kamzere kakang'ono, kayenera kuloza kanzake ka pa injini. Ndinatenga chala chawo n'kuchiika pa kamzere, iwo anapakapo choko. Ndinayamba kupukusa pang'onopang'ono, iwo akundilamula ngati woyendetsa ngolo: pitirizani, pitirizani, imani, mwapyola, bwererani pang'ono. Zaka zonsezi palibe amene anandilamulapo pansi pa mtengo uno. Ndinkamva Sunganani akudziletsa kuseka m'galimotomo.

Amayi ako anawaza ufa ndi sefa, Sunganani analiza. Ine ndinaima pambali, dzanja pa phewa lawo, ndikumvetsera injini. Panapita mphindi zingapo popanda kanthu, mpaka ndinayamba kukayika. Kenako amvekere apo! Akuti pansi pa gudumu lam'mwamba ufa wayamba chikasu ngati tsamba la pansi la fodya, tsopano ukufiira, ukutsetsereka.

Ndinafuna kukweza mkono kuti Sunganani azimitse, koma anandigwira, akuti dikirani kaye, sindinamalize. Anagwada, n'kusuzumira kumunsi. Patapita kanthawi anati kulinso kwina, kakang'ono, kuseri kwa gudumu lam'munsi. Ndinawauza kuti ameneyo ndi oyilo yemwe uja akutsika kuchokera kumwamba. Anandiyankha kuti ayi, chifukwa pakati pake ufa udakali woyera.

Feliya, kachiwiri aka ngakhale maso anga akanakhala bwino ndikanatha kukaphonya. Makaniko akapeza pamodzi amasangalala n'kusiya, koma wosankha fodya sasiya tsamba asanalitembenuze. Nditachotsa masilu awiri aja ndinawaika m'manja mwawo kuti awagwire. Onse anali ouma gwa, yam'mwamba itang'ambika moti chikhadabo chinkalowa.

Tsiku lomwelo Sunganani anapitadi ku boma, kusitolo yomwe ija, koma osati kukachita ndewu. Anabwera ndi lamba wina ndi masilu awiri. Za lambayo ndinamuuza kuti zili pamutu panga, sitinakanganirane. Iye ali ku boma, amayi ako ananditengera kumsika, ndinayenda benchi ndi benchi kuuza amene anamva bodza lija kuti linali bodza. Wina anandifunsa ngati ndaledzera.

Lachinayi tinamanga. Silu imafuna ulemu, mwana wanga. Umaipaka oyilo pang'ono m'kati mwake, umailowetsa mowongoka, n'kumaigogoda pang'onopang'ono ndi kachidutswa ka paipi mpaka ikhale yofanana mbali zonse. Ikapendekera pang'ono chabe, wagwira ntchito yachabe. Ine ndinkagogoda, amayi ako akuyang'ana, akuti kumanzere kwatsala, kumanja kwakwana. Anandibweza kawiri, ndipo kawiri konse chala changa chinapeza kuti akunena zoona.

Tinapukuta magudumu onse kuti pasatsale dontho, tinamanga lamba, ndinapukusa injini kawiri ndi dzanja, iwo n'kutsimikiza kuti timizere ta choko tabwerera pamalo pake. Tinawazanso ufa. Injini inalira theka la ola, amayi ako ali chiweramire, maso ali pomwepo. Atawongoka anangoti bambo a Feliya, ufa wanga ndi woyera. Tinaupukuta wonse n'kutseka chivundikiro.

Lachisanu m'mawa mabelo aja anapita, ndipo mwamwayi anawalandira ngakhale tsiku lawo linali litadutsa. Ndinapempha Sunganani kuti eni ake akawauze zoona, kuti wowachedwetsa ndine. Mpaka lero pikapu yayenda maulendo asanu ndi anayi, ndipo pamene imagona palibe dontho.

Nkhani yafalikira, paja Chamama ndi kamudzi. Ndinkaopa kuti anthu athawa. Ena athawadi, sindikubisira, ndipo zimawawa ndikamva galimoto imene ndaisamala zaka khumi ikudutsa osaima. Koma ena akubwera. Sabata yatha wa njinga yamoto wina anafika, anandipatsa moni n'kundidutsa, kukafunsa ngati a injiniya alipo. Amayi ako akuti ndisazolowere, sanakwatiwe kuti adzakalambe akununkha parafini. Akuti ndikuuzenso kuti malipiro awo sanawaonebe.

Tsiku lija tikumanga, Sunganani anandiuza za amayi ake ku Kaomba. Iwonso anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ankayenda ndi ndodo. Anakawachotsa kuchipatala cha maso chaka chatha. Akuti atangowamasula bandeji, anayang'ana ana awo mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti bwanji mwakalamba chonchi. Pano ulusi amalowetsa okha pa singano, ndipo apongozi awo akudandaula kuti fumbi lililonse m'nyumba akumaliona. Sunganani akuti adzanditenga pa pikapu yomweyo, mpando wakutsogolo, tsiku lililonse limene ndingasankhe.

Lolemba lapitali ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono chino. Amayi ako anandigwira dzanja poyera, msewu wonse, anthu akuona, ndipo sindinafe nazo. Adokotala anaunika ndi katochi, akuti ndi ng'aladi, yakhwima, koma imachotseka. Andilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Amati mawu a akulu akoma akagonera, sanatiuze kuti a ana nawonso amatero. Ako agonera miyezi isanu, lero ndi pamene ndikuwamva kukoma.

Tsopano ndafika pa pempho langa. Undikhululukire, Feliya. Unandiuza zoona chifukwa chondikonda, ine ndinakubweza ngati mlendo m'nyumba ya bambo ako. A Vincent usawapepesere, ndidzawapepesa ndekha, poti ndinalankhula pamaso pawo.

Sukulu mukatsekera kumapeto kwa Julayi, bwera. Tsiku lopita kuchipatala sindinasankhe, ndikudikira iwe. Ndikuopa, mwana wanga. Ndatsegula injini mazanamazana, ndikudziwa kuti chimene chikutsegulidwa sichikhala ndi chonena. Ndikuopa mpeni, ndikuopanso kudzuka mumdima woposa uno. Amayi ako ndi olimba pa injini, koma akaona magazi amathawa. Akuti ndikunama, zinangochitika kamodzi. Ngakhale zili choncho, ndikufuna iwe ukhalepo.

Ubwere ndi Favour. Pali chimodzi chimene ngakhale amayi ako akuchimva lero lomwe, pamene akulemba. Tsiku limene munafika unandiikira mwana m'manja, ine ndinamuyang'anitsitsa n'kunena kuti mphuno ndi mphumi watengera iwe, nonse munaseka. Ndinangopeka. Sindinaone kanthu. Ndinangomva kulemera kwake, ndi kadzanja kake kakundikoka ndevu. Mdzukulu wanga woyamba wakwanitsa chaka, ndipo nkhope yake sindiidziwa. Ndikufuna kuti akamadzandimasula bandeji, iwe ukhale utaima patsogolo panga, utamunyamula.

Amayi ako aika cholembera pansi, akuti pepala likunyowa. Tithere pano.

Undiperekere moni kwa a Vincent, kwa apongozi ako onse kumeneko, ndi kwa aphunzitsi anzako. Amayi ako akupereka moni, azakhali ako a ku Kaomba akupereka moni, Sunganani nayenso akuti moni kwa mnzake wa ku pulaimale. Mulungu amene watisunga ife kuno akusungeni inunso, akudalitse pa ntchito yako, ndipo akutsogolere pa njira ya kwanu.

Ndine bambo ako,
Lucious Nthanda.